Kodi Mumadziwa? TV Yatsopano Imabwera Itatcheredwa za M'sitolo, Osati za Pabalaza Panu

M'nyumba zambiri za mu Lilongwe, kuyambira ku Area 3 ndi Area 9 mpaka ku Area 10, 12, 43 ndi 47, TV zakale zija zotupa kumbuyo zinatsitsidwa kale pakabati, ndipo pakhoma pakolowekedwa zazikulu zopyapyala. Koma dandaulo ndi limodzi: m'sitolo chithunzi chinali mbee, kufika nayo kunyumba nkhope za anthu zafiira psuu, mpira ukuoneka mwachimbuuzi, owerenga nkhani afupika n'kunenepa. Musathamangire kubweza katundu kapena kuitana wokonza. Nthawi zambiri TV imakhala ilibe vuto, imangosowa woitchera. Tengani rimoti, nazi mfundo zake.

ZA M'SITOLO NDI ZA KUNYUMBA

1. Kodi mumadziwa kuti TV imene munaigomera m'sitolo ku Old Town kapena ku Gateway Mall inali itatcheredwa dala kuti ikukopeni? M'sitolo mumayaka magetsi owala kwambiri, ndipo TV zimakhala zitandandalikidwa pamodzi, iliyonse kulimbirana diso la wogula. Ndiye amaziika pa Vivid kapena Dynamic, pomwe kuwala ndi mitundu zimakwezedwa mopyola muyezo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pabalaza panu usiku, Vivid imangotopetsa maso n'kubisa tinthu ting'onoting'ono ta pachithunzi.

2. Kodi mumadziwa kuti TV ikayatsidwa koyamba imafunsa ngati ili m'sitolo kapena kunyumba? Amene anakulumikizirani akasankha Store Demo kapena Retail Mode mwaphuma, chilichonse chimene mungasinthe chimabwerera mwakale pakangopita mphindi zochepa, ndipo timauthenga totsatsa TV yomweyo timangotulukira pasikirini. Lowani pa Settings, musankhe Home Mode kapena Home Use. Apa ndiye poyambira.

3. Kodi mumadziwa kuti pa TV zambiri, Movie kapena Cinema ndiyo imaonetsa mitundu yoyandikira kwambiri imene ojambula anafuna? Dzina lisakunamizeni kuti ndi ya mafilimu okha. Nkhani, sewero, mapemphero ngakhale zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo zimaoneka bwino pamenepo. Kungosintha chokhachi, theka la ntchito latha.

4. Kodi mumadziwa kuti opanga mafilimu anachita kupempha okha kuti TV zisamawaonongere ntchito yawo? Mu 2019 bungwe la UHD Alliance linalengeza za Filmmaker Mode, yomwe imazimitsa nthawi imodzi zokometsera zonse zimene TV imawonjezera payokha. Imapezeka pa TV zina za LG, Samsung ndi Hisense zopangidwa kuyambira 2020. Imakoma madzulo; masana ingaoneke yakuda pang'ono.

5. Kodi mumadziwa kuti TV zambiri zimasunga matcheredwe a doko lililonse padera? Mukakonza chithunzi dekoda ili pa HDMI 1, zimenezo sizifika zokha pa HDMI 2 pomwe pali PlayStation ya ana, kapena pa YouTube ya m'kati mwa TV. Bwerezani paliponse, kapena fufuzani pamene alemba kuti Apply to All Inputs kapena All Sources.

6. Kodi mumadziwa kuti zimene timazitcha pulazima, zambiri si pulazima ayi? Panasonic, Samsung ndi LG anali atasiya kupanga TV za pulazima pofika kumapeto kwa 2014. Zimene zadzaza m'masitolo lero ndi za LCD zokhala ndi timagetsi ta LED kumbuyo kwa galasi. Za OLED, zomwe ndi zokwera mtengo, kadontho kalikonse kamawala pakokha, n'chifukwa chake mdima wake umakhala wakuda bii.

KUMENE CHITHUNZI CHIKUCHOKERA

7. Kodi mumadziwa kuti chithunzi chimapangidwa ndi timadontho tomwe mungathe kutiwerenga? Chakale chija, cha mizere 576, chili ndi timadontho 414,720. Cha HD cha mizere 720 chili ndi 921,600. Cha Full HD cha mizere 1,080 chili ndi 2,073,600, pomwe cha 4K chili ndi 8,294,400. Kadontho kalikonse kamasakaniza mitundu itatu yokha: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu.

8. Kodi mumadziwa kuti tchanelo chosakhala cha HD chimatha kuoneka moipa pa TV yaikulu kusiyana ndi mmene chinkaonekera pa yakale ija? Chifukwa chake ndi masamu. Pa Full HD, kadontho kamodzi kamene kabwera kamayenera kudzaza malo a timadontho 5; pa 4K, malo a timadontho 20. Totsalato TV imangoganizira. Palibe batani limene lingabweze zimene sizinatumizidwe, choncho musaweruze TV yanu ndi tchanelo chotere. Iyeseni pa tchanelo cholembedwa HD.

9. Kodi mumadziwa kuti chingwe cha mitu itatu chija, wachikasu, woyera ndi wofiira, sichinganyamule HD ngakhale pang'ono? Mutu wachikasu ndiwo umatenga chithunzi, ndipo supyola mizere 576. Enawo ndi a mawu. Anthu ambiri amagula TV ya mainchesi 55 n'kuilumikiza ndi chingwe chomwe chinali pa TV yakale. Chotsani chimenecho, muike cha HDMI, chomwe chimatenga chithunzi ndi mawu pamodzi.

10. Kodi mumadziwa kuti chingwe cha HDMI chodula sichikometsa mitundu kuposa chotchipa? Uthenga wake ndi wa manambala: ukafika wonse, chithunzi chimakhala chimodzimodzi. Chingwe chikakhala chowonongeka mudzaona kuthwanima, timadontho toyera tothothoka kapena sikirini kuzima. Chofunika n'chakuti chikhale cholimba, chosatalika mopanda chifukwa, ndipo ngati TV ndi ya 4K, chikhale cholembedwa High Speed.

11. Kodi mumadziwa kuti dekoda nayo ili ndi matcheredwe ake? Kaya ndi ya DStv, GOtv, Azam kapena Kiliye Kiliye, lowani pomwe pali za chithunzi muone chimene ikutumiza. Ikakhala pa 576, ndiye kuti ikutumiza chithunzi chakale ngakhale tchanelo chili cha HD. Ikwezeni ifike pa 1080, ndipo kaonekedwe kakhale pa 16:9. Ngati dekoda ilibe doko la HDMI, dziwani kuti yatha nthawi yake.

12. Kodi mumadziwa kuti pa dijito kulibenso chithunzi cha mchenga chija tinkachipirira kale? Masiku ano chithunzi chimabwera chonse, apo ayi chimaduka timabokosi n'kuima. Mukaona zimenezo, vuto silili pa Brightness kapena Colour. Onani eriyo ngati yaloza koyenera, onani ngati chingwe chochokera padenga sichinalowe madzi, ndipo muyang'ane pa dekoda pamene pamaonetsa mphamvu ya siginolo. Kumadera a mitengo italiitali ngati Area 10 ndi Area 43, nthambi imene yakula kutsogolo kwa dishi imakwanira kusokoneza zonse.

13. Kodi mumadziwa chifukwa chimene chithunzi cha dishi chimathawira kukagwa chimvula? Mafunde ochokera ku setilaiti amayamwidwa ndi madontho a mvula asanafike padishi. N'chifukwa chake pakati pa November ndi April ogwiritsa DStv amaudziwa bwino uthenga wa E48-32. Mvula ikakhala yamphamvu, dikirani ipite. Koma ngati kamvula kowaza kokha kakuchotsa chithunzi, dishi yanu yasuntha ndipo ikufunika kuilozetsanso.

14. Kodi mumadziwa kuti HD Ready si Full HD? TV zambiri za mainchesi 32 zolembedwa HD Ready zili ndi timadontho 1,366 m'litali ndi 768 m'lifupi, pafupifupi theka la Full HD. Pa TV yaing'ono yoonera patali kusiyanako sikuoneka kwenikweni, koma pogula ya mainchesi 43 kupita m'mwamba, werengani manambala a pakatoni, osangomvera pakamwa pa wogulitsa.

15. Kodi mumadziwa kuti chithunzi chokongola cha pa intaneti chimadya bandulo? Netflix imanena yokha kuti HD imatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi, ndipo 4K mpaka 7 GB. Netiweki ikafooka, Netflix ndi YouTube zimatsitsa zokha ubwino wa chithunzi kuti filimu isaime, ndiye musaimbe mlandu TV. Nawo mavidiyo a ukwati amene adutsa pa WhatsApp amakhala atafinyidwa kale. Pemphani wojambula akupatseni pa fulashi.

MABATANI AMENE AMASINTHA ZINTHU

16. Kodi mumadziwa kuti batani lowalitsa TV ndi Backlight? Limeneli limakweza kapena kutsitsa timagetsi ta kumbuyo kwa galasi, osakhudza mitundu. Masana pabalaza pa mawindo aakulu likwezeni, usiku litsitseni. Chenjezo: pa TV zatsopano za Samsung ndi Sony, batani lomweli analitcha Brightness, ndipo pa OLED za LG mupeza OLED Light kapena OLED Pixel Brightness.

17. Kodi mumadziwa kuti pa TV zambiri Brightness imalamulira mdima, osati kuwala? Mukaikweza kwambiri, zakuda zimatuwa ngati pagwa nkhungu. Mukaitsitsa kwambiri, zonse za mumthunzi zimamira. Yesani ndi munthu wovala suti yakuda, monga phungu akulankhula m'Nyumba ya Malamulo ku City Centre. Suti ioneke yakuda, koma kolala ndi mabatani ake zizionekabe. Nthawi zambiri malo abwino amakhala pafupi ndi pamene fakitale inaika.

18. Kodi mumadziwa kuti Contrast ndiyo imalamulira zoyera? Ikapyola muyezo, diresi la mkwatibwi limangokhala chinthu choyera chopanda mapindo kapena maluwa ake, mitambo nayo imasanduka pepala. Imitsani vidiyo pamene pali chovala choyera, mukweze Contrast mpaka mapindo atayamba kusowa, kenako mubwerere pang'ono.

19. Kodi mumadziwa kuti Sharpness siwonjezera chilichonse chimene kamera sinajambule? Imangojambula timizere toyera m'mphepete mwa zinthu kuti diso linamizike. Ikakwera, tsitsi limaoneka ngati mawaya, nkhope zimachita zigamba, ndipo osewera mpira amazunguliridwa ndi kamzere kowala. Pa tchanelo cha HD itsitseni kwambiri. Pa TV zambiri za Samsung ndi LG malo abwino ali kufupi ndi ziro, pomwe pa zina, monga za Sony, pakati ndi pamene palibe chowonjezera.

20. Kodi mumadziwa kuti khungu la munthu ndi kapinga ndizo mboni zabwino za Colour? Diso lathu limazidziwa bwino zinthu ziwirizi. Owerenga nkhani pa MBC, Zodiak kapena Times akamaoneka ofiirira mwachilendo, Colour yakwera. Kapinga wa pa Bingu National Stadium ku Area 48 akamawala ngati wapakidwa penti, yakweranso. Onaninso yunifolomu yofiira ya Flames: nambala ndi mizere ya nsalu zizioneka, osati kufiira kongosefukira. Batani la Tint kapena Hue lisiyeni pakati pomwe lili.

21. Kodi mumadziwa kuti Warm ndiyo yolondola, ngakhale poyamba imaoneka yachikasu? Opanga mapulogalamu padziko lonse amatsata muyezo umodzi wa mtundu woyera, wotchedwa D65, womwe uli pafupifupi 6,500 K ndipo umafanana ndi kuwala kwa masana. Muyezo wa HD wa Rec. 709, umene unavomerezedwa mu 1990, umatsata womwewo. Cool imathira buluu pa chilichonse, ndipo diso lozolowera buluu limadandaula likamuchotsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ipatseni Warm masiku angapo, mukadzabwerera ku Cool mudzadabwa kuti munkapirira bwanji.

22. Kodi mumadziwa chimene chimachititsa kuti filimu ya ndalama zambiri izioneka ngati yajambulidwa ndi foni kuseri kwa nyumba? Mafilimu amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi. TV zatsopano zimapeka zithunzi zina n'kuzilowetsa pakati kuti kuyenda kusalale. Samsung amazitcha Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, LG amati TruMotion, Sony amati Motionflow. Mu December 2018, Tom Cruise ndi wotsogolera mafilimu Christopher McQuarrie anatulutsa vidiyo yopempha anthu kuti azizimitsa zimenezi. Yesani pa filimu yathu yomwe, The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu: ioneni mutayatsa, kenako mutazimitsa, muona nokha.

23. Kodi mumadziwa kuti pa mpira nkhani imasiyanako? Kuno kwathu mpira umaulutsidwa pa 50 Hz, ndiye umayenda mosalala kale. Kusalaza pang'ono kungathandize pa TV ina, koma mukakweza kwambiri mpira umaoneka pawiri kapena kusowa m'malere. Poyesera pabwino ndi chigoli chija Gabadinho Mhango anachinya Morocco ali kutali, pa 25 January 2022 ku Yaoundé. Tsatirani mpira kuchoka paphazi mpaka muukonde; ukamathothoka m'njira, tsitsani. Sports Mode nayo musaikhulupirire msanga, chifukwa nthawi zambiri ndi Vivid yomwe ija yangosintha dzina.

24. Kodi mumadziwa chifukwa chimene anthu amaonekera onenepa pa TV yatsopano? TV zakale zinali za 4:3, zatsopano ndi za 16:9. Pulogalamu yakale ikakokedwa kuti idzaze sikirini yonse, aliyense amafutukuka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ikani Aspect Ratio kapena Picture Size pa Original kapena Auto. Mizere yakuda ikaoneka kumanja ndi kumanzere pa pulogalamu yakale, palibe chalakwika.

25. Kodi mumadziwa kuti mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi pa filimu si chizindikiro choti TV yafa? Mafilimu ambiri amajambulidwa motambalala kuposa TV, pa muyezo wa 2.39:1, woyenera m'nyumba zoonetsera mafilimu. Mukakanikiza Zoom kuti mizereyo ichoke, mwadula mbali zonse ziwiri za chithunzi, ndipo nthawi zina ndi mawu omasulira omwe.

26. Kodi mumadziwa kuti TV zina zimadula m'mphepete mwa chithunzi popanda kukuuzani? Ndi chizolowezi chotsalira cha nthawi ya TV zotupa kumbuyo. Mukaona kuti zigoli za pakona zadukira kapena mawu oyenda pansi pa nkhani akusowa theka, fufuzani Just Scan pa LG, Fit to Screen pa Samsung kapena Full Pixel pa Sony. Pa zina mungozimitsa Overscan.

27. Kodi mumadziwa kuti zokometsera zambiri za mayina okoma zimaononga chithunzi cha HD? Noise Reduction imafufuta makwinya ndi tsitsi mpaka nkhope kusalala mosakhala bwino. Dynamic Contrast imasinthasintha kuwala pakati pa sewero. Pa HD zizimitseni. Noise Reduction yokha ndiyo ingathandize pang'ono pa tchanelo chakale kapena vidiyo yosaoneka bwino.

28. Kodi mumadziwa kuti TV ikamada yokha n'kuwalanso, kawirikawiri sikuti yawonongeka? Ili ndi kadiso kamene kamayeza kuwala kwa m'chipinda, kamene kamagwira ntchito pansi pa Eco kapena Energy Saving. Kakakusowetsani mtendere, kazimitseni, muziika Backlight nokha.

29. Kodi mumadziwa kuti Backlight ndiyo imadya magetsi ambiri pa TV? Yuniti imodzi ya ESCOM imatha TV ya mawatsi 100 ikayaka maola 10. Kutsitsa Backlight kumachepetsa mawatsiwo, ndipo amene amadalira sola kapena inveta magetsi akathima adzaona batire ikukhalitsa. Timagetsi ta kumbuyo kwa galasi natonso timakhalitsa tikapanda kuyaka mothera mphamvu tsiku ndi tsiku.

30. Kodi mumadziwa kuti Game Mode si ya chithunzi chokongola koma ya changu? TV ikamakometsa chithunzi imachedwa pang'ono kuchionetsa, ndipo wosewera gemu amakanikiza batani koma wosewera wa pasikirini n'kuchedwa kumenya mpira. Game Mode imadumpha zokometserazo. Ithandizanso mukalumikiza laputopu.

31. Kodi mumadziwa kuti chizindikiro cha HDR pakatoni si lonjezo la chithunzi chowala? HDR imafuna sikirini yowala kwambiri, ndipo TV zotchipa zimangotha kuwerenga uthengawo koma osauonetsa mokwanira, mwina chithunzi n'kuda kuposa wamba. HDR ikayaka, TV imakweza yokha Backlight, pamenepo isiyeni. Kuti ilandire HDR kudzera pa chingwe, TV zina zimafuna muyatse Input Signal Plus pa Samsung kapena HDMI Ultra HD Deep Colour pa LG.

32. Kodi mumadziwa kuti simungaononge TV posintha matcheredwe a chithunzi? Mukasokoneza, pali Reset Picture yobwezera zonse mwakale. Musanayambe, jambulani manambala ake ndi foni, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Malo oyenera kuwapewa ndi Service Menu, ya amisiri okha.

PABALAZA PENIPENI

33. Kodi mumadziwa kuti mainchesi a TV amayezedwa mopingasa, kuchoka pakona ya pansi kufika pakona ya pamwamba ya mbali inayo? Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye TV ya mainchesi 43 ndi masentimita 109, ya 55 ndi masentimita 140. Kuti muone ubwino wonse wa Full HD, khalani pa mtunda wokwana katatu msinkhu wa sikirini: pafupifupi mita imodzi ndi theka pa ya 43, mamita awiri pa ya 55. M'nyumba za mabalaza aakulu, sofa ikakhala mamita anayi kapena asanu, diso silisiyanitsanso 4K ndi HD. Kokerani mpando pafupi musanaganize zogula ina.

34. Kodi mumadziwa kuti TV zambiri zimakolowekedwa pamwamba kwambiri? Pakati pa sikirini payenera kulingana ndi maso a munthu wokhala pampando. Ikakwera, khosi limawawa, ndipo pa LCD zambiri mitundu imatuwa mukamaonera cham'mbali kapena chapansi. Pewaninso khoma loyang'anizana ndi zenera, makamaka la kumadzulo, chifukwa dzuwa la masana likamenya pagalasi palibe batani lingalimbane nalo. Katani yokhuthala ndiyo mankhwala.

35. Kodi mumadziwa kuti kuonera mumdima wa ndiweyani kumatopetsa maso? Kagetsi kofatsa kuseri kwa TV kamachepetsa kutopako ndipo kamachititsa zakuda kuoneka zakuda bwino. Kunena za ana, bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi patsiku.

36. Kodi mumadziwa kuti fumbi la mu September ndi October limatha kutuwitsa chithunzi mpaka muganize kuti TV yakalamba? Izimitseni, mupukute pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa kouma, ngati kopukutira magalasi a m'maso. Osapopera madzi kapena mankhwala otsukira mawindo pagalasi, osagwiritsa nyuzipepala, ndipo osakanikiza. Timabowo ta kumbuyo natonso tizikhala topanda fumbi, TV isaphimbidwe ndi nsalu ikuyaka.

37. Kodi mumadziwa kuti nthawi yoopsa kwa TV ndi pamene magetsi akubwerera? Magetsi athu ndi a 230 V pa 50 Hz, koma pobwerera amatha kudumpha. Ikani TV guard, ndipo kukachita ziphaliwali zulani pulagi ndi chingwe cha dishi chomwe, pakuti mphenzi imalowera kumenekonso. Wachibale akakutumizirani TV kuchokera ku America, komwe magetsi ndi a 120 V, werengani kumbuyo kwake musanalumikize. Pakhale polembedwa kuti imalandira mpaka 240 V.

KUMENE TACHOKERA

38. Kodi mumadziwa kuti Malawi anali m'gulu la mayiko omalizira mu Africa kukhala ndi wailesi yakanema yakeyake? Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC. Anzathu a ku Zimbabwe anayamba mu 1960, a ku Zambia mu 1961 ku Kitwe, ndipo South Africa inayamba mu 1976.

39. Kodi mumadziwa kuti BBC itayamba kuulutsa kuchokera ku Alexandra Palace mu London pa 2 November 1936, chithunzi chake cha mizere 405 chinkatengedwa kuti n'chapamwamba zedi? Panali patangopita zaka 10 John Logie Baird ataonetsa TV yake koyamba mumzinda womwewo. HD ya masiku ano inakula ndi kafukufuku wa NHK ya ku Japan, ndipo muyezo wa 16:9 anauganiza ndi Kerns Powers wa ku America mu 1984.

40. Kodi mumadziwa kuti kusamukira ku dijito kunali pangano la mayiko? Ku Geneva mu 2006, mayiko a mu Africa, Europe ndi Middle East anagwirizana pansi pa bungwe la ITU kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasiya kaulutsidwe kakale. Kuno kwathu ntchitoyi inabala kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited ndi dekoda za Kiliye Kiliye, pogwiritsa ntchito muyezo wa DVB-T2, pomwe MACRA ndiyo imapereka ziphaso kwa oulutsa. Koma dijito si HD: tchanelo chimatha kukhala cha dijito chithunzi chake chili cha mizere 576.

MAWU KWA INU AWERENGI

Ndondomeko yake ndi yaifupi. Yambani ndi chingwe cha HDMI, dekoda ikhale pa 1080 ndi 16:9. Ikani TV pa Home Mode, musankhe Movie kapena Cinema, mtundu ukhale pa Warm. Tsitsani Sharpness, zimitsani zosalaza pa mafilimu, kenako muyeze Backlight molingana ndi kuwala kwa pabalaza panu. Zonsezi sizifuna ngakhale tambala imodzi. Ngati mutachita zimenezi pakuonekabe mizere yosachoka, mbali ina yakuda kapena timadontho takufa, pamenepo ndiye vuto ndi la TV. Bwererani kumene munagula mutanyamula lisiti ndi pepala la waranti, ndipo akakukanizani popanda chifukwa, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, yomwe ili mu Lilongwe momwemuno. Lisiti ndi katoni musataye mpaka waranti itatha.